Kapu ya Tiyi pa Sikuta ya aKilanki

Mumsewu mwathu muno munalibe munthu amene sankawadziwa aKilanki, mzimu wawo uuse mumtendere. Ntchito yawo inali yometa tsitsi, koma chinawatchukitsa si lezala ayi, ndi kapu ya tiyi. Loweruka lililonse m'mawa ankatulutsa sikuta yawo yakalekale, yotukuka kumbuyo ngati bakha, n'kuika kapu ya tiyi pampando wakumbuyo, kenako n'kuliza injini. Tiyi yense ankathera pansi. Iwo ankangopukusa mutu amvekere, "Ndi kilanki iyi." Zaka khumi ndi ziwiri, abale anga, mawu ake omwewo, mpaka dzina linawakanirira.

Kwa osadziwa, kilanki ndi chitsulo chokhota chimene chimazungulira m'mimba mwa injini, pisitoni n'kumachipalasa ngati mwendo pa pedulo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma izi ndinaphunzira mosafuna, poti mpanda wathu ndi umodzi.

Sikutayo ndi imene anafunsira nayo akazi awo, mayi osoka makatani aja. Zaka zambiri ankapita nayo kutchalitchi awiriwiri, mayi atakhala chammbali, dzanja lili pamimba pa bambo. Ndiye tsiku lina mkulu wina wa njinga yamoto anawapitirira pamsewu n'kuwabayibitsa ndi chipewa. Satana analowera pomwepo. Bambo anagula pisitoni yaikulu, kabuleta yakukamwa kwakukulu, ekizozi yolira ngati galu wopondedwa mchira, ndi kilanki yaitali yothamangitsa. Kilanki yakale anapatsa mayi kuti akataye kudzala.

Lamulungu lotsatira mayi anafika kutchalitchi mpango uli m'manja, mano akugundana, msana ukuwawa ndi kugwedezeka kwa sikuta. Nyimbo yoyamba anaimba ngati munthu wamalungo. Potuluka sanakweze mawu.

"Bambo, sikuta yanuyi, mkazi mnzangayu, mwamumwetsa mankhwala amisala. Tsiku limene kapu ya tiyi idzakhale pampando wangawo osatayika, ndidzakwera. Apo ayi, miyendo Mulungu anandipatsa."

Kuyambira pamenepo mayi ankayenda wapansi. Bambo ankatsogola ndi mpando wopanda munthu, akafika pakona n'kuzimitsa injini, kumanamizira kuti yawonongeka, n'kumaikankha pambali pa mayi mpaka pakhomo la tchalitchi. Iwo ankati sitikuona.

Pagalaja ya aGirisi, makaniko wa kumapeto kwa msewu, ndiye panali sewero. AKilanki ankayala makilanki atatu patebulo, yaitali, yopepuka ndi yolemera, n'kumainyamula imodziimodzi ngati ana akhanda. Ankaigogoda ndi chipeso chometera n'kuika kukhutu, ati akumva mtima wake.

"Madala, mukufuna liwiro kapena mukufuna tiyi?" ankafunsa aGirisi. "Ziwirizi sizikwera sikuta imodzi."

"Iwe manga zitsulo. Za banja langa zisiye."

Atamanga yopepuka, kapu inadumpha yokha n'kukaswekera pachipata. Atamanga yolemera, tiyi anakhala bata mpaka tinawerenga kufika seveni, bambo n'kuitana msewu wonse ndi abusa omwe. Kungopotoza mafuta pang'ono, tiyi yense pa thalauza la abusa. Abusa anangoti aliyense ali ndi mtanda wake, n'kupempha kansalu. Makapu adothi atatha m'nyumba, mayi anawapatsa yachitsulo, yomwe inkangoti phwaa pansi n'kugubuduzika mpaka kwathu.

Tsiku lina anandiimitsa pampanda, atavula chipewa, kundipempha kuti ku mapemphero a amayi tikaikumbukireko kilanki. Ndinakapemphera ndithu, koma ine kunama pamaso pa Mulungu sinditha. Ndinati Ambuye, inu mukudziwa kuti vuto si chitsulo, ndi mutu wa mwini wake. Mayi anali pambali panga, ndipo ameni wawo anamveka mpaka panja.

Komatu tiyi wa Loweruka ankaphika ndi mayi omwewo. Pakamwa ankanyoza, ati masamba akuthera mkazi mnzawo, koma pothira sankadzaza kapu. Ankasiya mpata wa chala chimodzi, chaka china zala ziwiri, kuwathandiza amuna awo mwakachetechete. Injini ikalira makina osokera ankaima, katani la pawindo n'kusuntha pang'ono. Tiyi akatayika makina ankayambanso. Kuyenda wapansi kunali kutawatopetsa kalekale, mawondo atatupa, koma mawu anali atanenedwa pagulu, ndipo onse awiri anali ouma mutu ngati mwala wa pamtsinje.

Chaka chatha bambo anayamba kupuma mobanika. Kuchipatala anati mtima wakula ndipo masiku atsala ochepa. Mwendo sunkathanso kuponda kiki yolizira injini. Loweruka lina mayi anatuluka ndi kapu n'kupeza sikuta ili m'khonde, bambo atangokhala pampando akuiyang'ana.

"Mayi, ndinalakwitsa. Kilanki yabwino inali ija ndinati mukataye."

Mayi anaika kapu pansi n'kulowa m'nyumba. Tinamva dilowa ya makina ikutseguka. Anatuluka ndi kanthu kokulunga m'chidutswa cha katani, atafunyulula, ndi kilanki yakale ija, ikunyezimira mafuta a makina osokera, yopanda ndi kadzimbiri komwe.

"Zaka zonsezi inali m'nyumba muno?"

"Munafunsa aGirisi, munafunsa abusa, munafunsa ndi chipeso chomwe. Ine munandifunsapo?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ife kumpanda kuno tikupukuta m'maso.

AGirisi anatseka galaja masiku atatu n'kudzagwirira ntchito pabwalo pa aKilanki. Anachotsa pisitoni yaikulu, kabuleta ndi ekizozi yaphokoso ija, n'kubwezera zimene sikuta inabadwa nazo, bambo akulamulira ali pampando, kuwadzudzula pa bawuti iliyonse. Loweruka mayi anadzaza kapu mpaka m'milomo, osasiya mpata. AGirisi anaponda kiki. Injini inalira pansipansi ngati mphaka wakhuta, tiyi anangonjenjemera pamwamba, osagwa ndi dontho lomwe.

M'mawa mwake aGirisi atawalizira injini, mayi anakwera chammbali, dzanja pamimba pa bambo. Ulendo wake, Mulungu andikhululukire, ndinkayenda nawo limodzi wapansi ndipo ndinakafika poyamba. Anthu a njinga zakapalasa ankawapitirira. Bambo anadandaula njira yonse kuti iyi si sikuta koma ngolo, misozi ikutsikira m'ndevu, mayi akuwauza kuti ayang'ane kutsogolo.

Anapita chomwecho maLamulungu atatu. Lamulungu lachinayi bambo tinachita kuwanyamula m'bokosi.

Masiku ano Loweruka m'mawa msewu wathu umangoti zii. Agalu sauwa, ana amagona mpaka dzuwa kutentha, ine ndimadzidzimuka ndikudikira phokoso limene ndinkalitukwana. Sikuta ili m'khonde momwemo, ndipo mayi anakana kuigulitsa. Tiyi amaphikabe. Dzana ndinawaona atakhazika kapu pampando wakumbuyo, ataimirira, kapu ili phee. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira chiwongolero n'kugwedeza mpaka tiyi anatayikira pansi.

Atandiona pampanda sanachite manyazi. Anatola kapu yawo n'kupukuta mpando ndi mpango.

"Ndi kilanki iyi, anzanga," anatero, n'kulowa m'nyumba.