Tsiku Limene Ndinathamanga Ndili M'kati mwa Mtsuko

Amene akukayika aimirire tsopano ndimuone nkhope, chifukwa sindifuna munthu wokanditsutsira kuseri ine nditachoka. Palibe? Khalani chete tsono. Inu anyamata a masiku ano mumandichititsa manyazi. Mwangothamangitsa mpira kanthawi kochepa, taonani mmene mwagonera pansi pa mango, malilime ali kunja ngati agalu a uzimba, wina akudzikupiza ndi malaya, wina akudandaula kuti dzuwa lanyanya. Ili si dzuwa. Uwu ndi mwezi wochedwa kulowa.

Dzuwa lenileni linawala chaka chimene mwini sitolo wina wa pa Mtakataka anaimika njinga yatsopano pakhonde, nalengeza kuti wothamanga kuchokera ku Golomoti masana a mu Okutobala, amene ayambe kukhudza chishalo chake, njingayo ndi yake. Ine ndinkaifuna kuposa wina aliyense, pakuti kwa zaka zisanu ndinali kusenza nsomba zouma kukwera nazo mapiri mpaka ku Dedza, ndipo tsitsi la paliwombo linali litatha. Chaka chimenecho nkhuku zinkaikira mazira ophikaphika, njanji inkapindika ngati luzi, nsomba zinkakodwa muukonde zili zowambawamba, ndipo mthunzi wa munthu unkakana kumutsatira, n'kutsalira pansi pa nkhokwe. Mukumva?

Tinalipo ambiri, koma woopsa anali Gelevazio, mnyamata wa kumapiri wa miyendo ngati nsungwi, amene anatsika ndi nsapato zoyera ndi chipewa choviika m'madzi, ati ndiyo nzeru ya kusukulu. Ena anamanga masamba a nthochi kumutu, ena anamwa madzi a malambe mpaka mimba kulira. Onsewo ndinawaseka. Ndinadzifunsa funso limene mbuli zimenezo zinalephera kudzifunsa: kodi m'nyumba ndi chiyani chimene chimakhala chozizira ngakhale denga likupsa? Ndi mtsuko. Umachita thukuta kunja, m'kati madzi ali zii.

Ndinapita kwa azakhali anga aNaphiri, oumba mbiya, n'kuwapempha kuti andiumbire mtsuko pathupi.

"Iwe Lufeyo," anatero, "misala imeneyi ndi ya kwa amako, kwathu kulibe. Imirira bwino, ine sindiumba chinthu chopindika."

Anandimata dongo kuyambira m'ntchafu mpaka m'khosi, nasiya mabowo a manja ndi miyendo, nasalaza ndi mwala, nalemba mizere itatu ndi timadontho m'khosi monga ankachitira pa mbiya zawo zonse, nathiramo madzi ndowa ziwiri. Kenaka anakwera sitima ya m'mawa kukagulitsa mbiya zawo pa Mtakataka.

Mluzu utalira ndinanyamuka madzi akukhuvula m'nthiti, ndipo ndikulumbira pa manda a bambo anga kuti ndisanataye Golomoti mano anali akugundana ndi chisanu, nkhungu inayamba kufuka m'khosi mwanga n'kumakwawa m'mbuyo, matalala ankagwa kuchokera m'khwapa, ng'ombe za ku Bwanje zinaswa makola n'kunditsatira zikunyambita njira, achule anadzuka m'maenje akuyesa dzinja lafika, ndipo mayi wina anathamangira khasu n'kubzala chimanga m'mapazi mwanga, chimene anadya chachiwisi mlungu womwewo. Mukumva? Anzanga aja masamba awo a nthochi anasanduka fodya. Gelevazio chipewa chake chinauma, chinafuka, chinayaka, nsapato zinasungunuka n'kutsala panjira, ndipo anapulumuka pongothamanga m'kati mwa nkhungu yanga, akulira kuti, "Achimwene, chikho chimodzi chokha." Ndinamutungira pamapewa osaima. Wa kusukulu ameneyo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ine, mwana wa mlongo wake wa woumba mbiya, ndinayenera kuchikumbukira: mtsuko uja unali wosaotcha. Dzuwa ndilo linauotcha. Pofika pa Mua dongo linali litafiira, likulira ngati chitsulo chigongono chikaligunda, kotero kuti akhristu a m'midzi anayesa ndi belu la masana, navula zipewa n'kuyamba kupemphera. Ndipo dongo likamapsa limafota. Linandifinya ntchafu, linandikoka manja, sitepe iliyonse inafupika, mpaka sitolo ija itaonekera ndinali kudumpha ngati mpheta, Gelevazio akundipumira m'khosi.

Wina akanalira. Ine ndinalowetsa mutu, manja ndi miyendo m'kati ngati kamba, n'kudzigwetsa chammbali, ndipo ndinagubuduka liwiro loti fumbi lake linakagwa tsidya la nyanja, ndinadutsa pakati pa msika, ndinakwera khonde, mlomo wa mtsuko n'kukagunda chishalo Gelevazio akadali patali.

Ndili m'katimo ndinamva mwini sitolo akuti, "Ine munthu sindikumuona. Chakhudza chishalo ndi mtsuko. Kodi mtsukowu ndi wa yani?"

Ndinakuwa, koma mawu anangotuluka thovu. Amayi a pamsika anazungulira, naona mizere itatu ndi timadontho, ndipo onse anavomerezana kuti dzanja limenelo ndi la aNaphiri. Azakhali sanatsutse. Anangopukuta manja pachitenje n'kugwira njinga.

Kuswa mtsuko anakana, ati sanaumbepo wina wopsa bwino chotero. Ndinakhalamo masiku anayi mpaka njala itandiwondetsa, ndipo ndinatulukira kukamwa kwake ngati mbewa.

Tsono musandiuze za kutentha, inu ofooka. M'chigwa chonse chino, munthu amene anadwalapo chimfine chifukwa cha chisanu mu Okutobala ndine ndekha. Koma njingayo sindinaikwerepo. Azakhali sankadziwa kupalasa, kubwereketsa sankafuna, ndipo inachita dzimbiri ili pakhonde pawo, akuyanikapo zitenje.