Kubweranso Mwamphamvu kwa a Kachingwe

M'mudzi wina, umene dzina lake sinditchula poti ndinakwatirako, munali a Lufeyo Kachingwe, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Msika, Ukhondo ndi Zina Zotero. Pa zaka khumi ndi zinayi za ulamuliro wawo, ntchito yaikulu imene anagwira inali yosunga kiyi wa chimbudzi cha pamsika. Anachikhoma chitangomangidwa, podikira mlendo wolemekezeka woti adzachitsegulire. Mlendoyo sanabwere, ndipo anthu ankangothamangira m'chimanga cha eni ake.

Chimene chinkawawawa mkuluyu ndi wailesi. Tsiku ndi tsiku inkatamanda ogwa n'kudzuka. Timu yakuti yabweranso mwamphamvu. Woimba uja tinamuiwala watsitsimuka. Ngakhale mabuluku otambalala kumiyendo ayambanso kutchuka. Koma iwo, amene chikhalire sanagwepo, panalibe wowaombera m'manja.

"Amayi a Yamikani," anauza akazi awo, "munthu satchuka asanasowe. Ndichoka kaye kuti andilire."

"Nanga akapanda kulira, bambo?"

"Alira basi. Madzi saiwala khwawa."

Lolemba anatula pansi udindo, nasiyira mpando mayi Nasibeko ogulitsa tomato kuti azingoufunditsa. Anakalembetsa chinsalu chachikulu cha mawu ofiira: TAKULANDIRANINSO, TINAZUNZIKA POPANDA INU. Suti inasitidwa. Anayeserera pagalasi kukana kawiri, kachitatu n'kuvomera monyinyirika.

Sabata inatha. Mwezi unatha. Amene anaodira pakhomo anali wogula nkhuku yekha, ndipo anali atasochera. A Kachingwe anawonda mpaka suti inayamba kukhwepa, moti inenso ndinawamvera chisoni, pang'ono.

Tsiku lina m'mawa, mayi Nasibeko anatulukira ndi komiti yonse. Mkuluyu anathamangira kuchipinda, navala suti, natuluka akuyenda ngati bishopu.

"Bambo, msika wonse watituma," anatero mayiwo atagwada. "Anthu avutika mokwanira."

"Ndikudziwa, mayi. Komatu ine ndakula, ndimati ndipumeko."

"Pumani ndithu, bambo. Ife tangodzera kiyi uja. Tikutsegula Loweruka." Anakhosomola pang'ono. "Tamvanso kuti muli ndi chinsalu chimene chikungokhala."

Loweruka kunali nthungululu zimene mudziwo sunamvepo. Chinsalu chija anachipachika pamwamba pa chitseko cha chimbudzi, ndipo aliyense wowerenga ankavomereza kuti mawu ake ndi oona. Wailesi inabwera, nilengeza kuti chimbudzi chabweranso mwamphamvu.

A Kachingwe analiponso, mu suti yawo. Pamzere anali a nambala makumi anayi ndi mphambu zitatu.