Mkamwini Amene Anaswa Thanthwe la Mipingo Itatu

Pali zinthu zina zimene munthu amachita ndi mtima woyera, thukuta lili kamukamu, nyimbo ya Mulungu ili pakamwa, koma mapeto ake n'kumalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Ine zinandichitikira ndisanathe n'chaka chomwe pachikamwini. Mpaka lero amayi ena m'mudzi muno akandiona ndanyamula hamala amanamizira kukhalira mphero zawo, ati ndingaziswe.

Mudzi wa akazi anga uli m'tsinde mwa kaphiri kena kuno ku Phalombe. Anthu ake amalima ndithu, koma chimene chimawadyetsa kwenikweni ndi miyala. Timakumba, timaswa, timaunjika m'mbali mwa msewu, malole n'kumadzatenga. Ine kwathu ndi ku Chiwalo, ndipo ntchito ya miyalayi ndinaiphunzira nditakula kale, choncho ndinali ndi matenda a munthu wophunzira mochedwa. Mwala uliwonse umene ndinkauona ndinkauyeza ndi maso kuti ungaswekere pati.

M'mudzimu muli mipingo itatu: wathu wa tchalitchi cha njerwa, wa anzathu opemphera Loweruka, ndi wa ang'oma, amene akayamba kuimba ngakhale mbuzi zimasiya kudya. Lamulungu lina analengeza kuti mapemphero a pachaka a mipingo itatuyi ayandikira, ndipo adzachitikira kwathu monga mwa nthawi zonse. Atsibweni a akazi anga, a Makwinja, omwe ndi mkulu wa mpingo komanso mwini mbumba, anandiloza ndi ndodo yawo.

"Akamwini, inu muli ndi mphamvu. Mulambule kuseri kwa tchalitchiko, alendo asadzapeze tchire."

Kulambula basi. Sananene china. (Ndikutsindika dala pamenepa chifukwa pambuyo pake ndinayesa kukumbukira ngati panali mawu ena oti ndibisaleko, koma panalibe.)

Lolemba mudzi wonse unatsetserekera kuchigwa kukakolola mpunga, akazi anga amake Tamanda ali pomwepo. Ine ndinatenga chikwanje ndi khasu. Pofika dzuwa la pamutu udzu unali utagona, ndipo pakati pa bwalo panatsala chithanthwe chafulati, chotalika ngati mphasa ziwiri, chosalala pamwamba. Ndinkachionapo patali m'tchiremo, koma tsiku limenelo m'pamene ndinachiyang'ana ngati mmisiri. Mwala wake unali wabuluu, wolimba, wopanda chibowo. Malovu anadzaza m'kamwa.

Apo m'pamene nzeru inandibwerera, ndipo ndinaiyamikira ndekha. Pakhomo pa tchalitchi chathu pamachita matope nthawi ya mvula, moti dzinja lapitalo a Makwinja anaterereka pomwepo n'kukhala pansi ndi jekete lawo la Lamulungu. Ndinati mumtima, bwanji ndiswe chimwalachi, bwalo likule, miyala yake ndiyale pakhomopo? Ndinadziona kale ndikuimiritsidwa pamaso pa mipingo itatu, anthu akunong'onezana kuti mbumba ya a Makwinja inatola mkamwini.

M'mphepete mwa thanthwelo munali malo atatu obenthuka, ooneka kuti anagobedwa kalekale ndi tchizulo. Ndinaseka. Ndinati awa ndi amisiri atatu aulesi, anayamba ntchito n'kuithawa. Ndinalankhula ndi mwalawo mokweza kuti lero wakumana ndi mwamuna.

Ndinaunjika nkhuni pamwamba, ndinaikapo chitayala chakutha, ndinayatsa. Moto utanyeka mpaka mwala kuyera, ndinathira ndowa zamadzi ozizira motsatizana. Unalira kamodzi kokha, n'kung'ambika zidutswa zinayi. Chidutswa chimodzi ndinachiswa masiku awiri, ndikuimba, ndipo palibe anabwera kudzafunsa, chifukwa kulira kwa hamala m'mudzi muno kuli ngati kulira kwa tambala. Akazi anga madzulo akafunsa za ntchito ndinkangoti, "Mudzaona." Ndinabwereka wilibala kwa a Saidi, Msilamu wa golosale pamsika wathu, n'kuyala miyala pakhomo pa tchalitchi. Kunena zoona panakongola.

Lachitatu masana a Saidi anabwera kudzatenga wilibala yawo. Atakhota kuseri kwa tchalitchi anaima chilili. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

"Achimwene, mwala uja uli kuti?"

"Ndi uwu, ndaukonza," ndinayankha monyadira.

"Anakutumani ndani?"

"Munthu wanzeru sadikira kutumidwa chilichonse."

Anakhala pansi pa wilibala yawo. "Ine sindipemphera nanu, koma mwala uwu ndikuudziwa. Agogo anga ankagulitsa mchere kwa anthu oyamba kuswa miyala kuno, ndipo ankawapeza atakhala pamenepa akupemphera. Mapemphero amene mukukonzerawa amachitikira pamwala umenewu. Mipingo yanu yonse itatu inabadwira apa."

Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo amene waswa chinthu chotere sachedwa kumangiridwa katundu wake. Ndinaganiza za ulendo wobwerera ku Chiwalo ndi kachikwama kumutu, kusiya mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo ndinachita mantha enieni.

Munthu wanzeru akanathamangira kwa a Makwinja kukagwada. Ine ndinatenga mgwala, chitsulo chachitali chotembenuzira miyala. Ndinakankha zidutswa zitatu zotsalazo kuti zigundane, ndinakanya dothi n'kumata m'ming'alu, ndinapaka phulusa pamwamba kuti mtundu ufanane. Pamene panali chidutswa chachinayi ndinathirapo dothi n'kubzalapo udzu womwe ndinalambula Lolemba uja. (Inde, ndinabzalanso tchire limene anandituma kuchotsa.) A Saidi ankangondiyang'ana. Pochoka anati, "Wilibalayi ikhale kaye, mwina mudzanyamulira katundu."

Amake Tamanda pobwera kuchigwa anadzera kutchalitchi kuti aone chimene ndinkati adzaona chija. Anatula mtolo wa mpunga, anaponda pamene ndinamata, phazi linalowa.

"Bambo a Tamanda, mwachita chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira jekete la atsibweni. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Kasambeni. Kwa atsibweni tipitira limodzi. Akakuthamangitsani, ayambe aganiza kuti ine ndikhala ndi ndani."

A Makwinja anamva nkhaniyo osaphethira. Kenaka anati mlandu uwu si wa mpingo umodzi, udikire tsiku la mapemphero, eni ake onse adzaone okha. Masiku atatu otsalawo chakudya sichinkatsika.

Tsikulo linafika. Opemphera Loweruka anabwera ndi malaya awo ositidwa, ang'oma anabwera ndi ng'oma zawo, koma atakhota kuseri kuja ng'oma zinazima imodziimodzi. Dothi langa linali litauma n'kugwera mkati. Anandiimika pambali pa ntchito ya manja anga, ndipo loto langa loimiritsidwa pamaso pa mipingo itatu linakwaniritsidwa ndithu.

A Makwinja anayamba ndi mbiri, akuyang'ana ine. Anati makolo atachoka ku Mozambiki anadzapeza ntchito yoswa miyala paphiri ili. Analibe tchalitchi, analibe m'busa. Pathanthwe limeneli m'pamene ankadyera masana, ndipo mmodzi yekha amene ankadziwa kuwerenga anayamba kuwawerengera Mawu pomwepo. Belu lawo linali hamala yomenya patchizulo. Atamanga tchalitchi choyamba, pochoka pathanthwepo anagoba kachidutswa ka thanthweli n'kukaika pamaziko. Patapita zaka ena anati tsiku loyenera ndi Loweruka, panali mkangano woopsa, koma pochoka anawagobera kachidutswa kawo kuti asapite ngati adani. Ang'oma nawonso pochoka anapatsidwa kawo.

"Malo atatu obenthuka aja ndi amenewo," anatero. "Kaya munawaona, akamwini?"

"Ndinawaona, atsibweni."

"Munaganiza chiyani?"

Pamaso pa Mulungu sindikananama. "Ndinati ndi amisiri aulesi."

Wina kumbuyo anatsamwa ndi kuseka, koma mkulu wa opemphera Loweruka sanaseke. Anati munthu wosafunsa ndi woopsa pamudzi, lero ndi mwala, mawa adzagwetsa chiyani? Ambiri anavomereza. Ndinayang'ana akazi anga, anali atagwira mwana mwamphamvu, maso ali pansi.

Pamenepo anaimirira mayi Namasala, mtsogoleri wa ang'oma, mayi wamfupi amene anaswa miyala moyo wake wonse mpaka zala zinapindika. Anafunsa kuti chidutswa chachinayi chili kuti. Anthu onse anazungulira kupita kukhomo la tchalitchi. Mayiwo anayenda pamiyala ndinayala ija, anapita, anabwerera, anadumphapo pang'ono.

"Yayalidwa bwino," anatero. "A Makwinja, chaka chino simugwa."

Kenaka anatembenukira kwa anthu. "Ndani mwa inu anamuuzapo mwanayu za mwalawu? Miyezi yonseyi amadya nanu, amaswa nanu miyala. Ndani?" Anawaloza ndi chala chake chopindika. "Mbiri timangoitulutsa kamodzi pachaka ngati mbale za alendo. Mwala uwu wadulidwa katatu, ndipo katatu konse unkadulidwa chifukwa wina akuchoka. Uyu waudula chifukwa akufuna kukhala. Tsono mum'thamangitse?"

Ndinalira. Sindibisa, ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, pamaso pa mipingo itatu ndi a Saidi omwe anaima patali atadzatenga wilibala yawo ija.

Kenaka a Makwinja anagamula. Zidutswa zitatu zikhale pomwepo, dothi langa lichotsedwe. Ine chilango changa n'chakuti ndiyende kwa akuluakulu a mipingo yonse itatu, ndiphunzire mbiri yonse, ndipo chaka chilichonse ndizidzaifotokoza ndine, osadumpha gawo langa. Tsiku lomwelo zinadziwikanso kuti atsogoleri atatuwa ankakokana chaka n'chaka pa nkhani ya amene akhale pakati pathanthwe. Tsopano aliyense anali ndi mpando wakewake. Palibe anandithokoza pa chimenechi, ndipo ine sindinachikumbutse.

Zaka zapitapo. Ndinakhala pakhonde la opemphera Loweruka, mkulu uja amene ankafuna ndichoke anandiphunzitsa maina a amene anasenza njerwa zawo zoyamba, ndipo lero ndi bwenzi langa. Ndinakhala kwa mayi Namasala mpaka pamene anatisiya, ndipo pamaliro awo ndinasenza nawo bokosi. Tamanda akudziwa mbiri ya thanthwe kuposa mmene ndinkadziwira dzina la mudzi pamene ndinkabwera. Mkamwini aliyense watsopano ndimam'tenga sabata yoyamba, ndimapita naye kuseri kwa tchalitchi, n'kumuonetsa chilichonse chimene sayenera kukhudza. Anthu awa akanatha kundipitikitsa ndipo palibe akanawadzudzula, koma anandipatsa malo, ndipo ndimawathokoza tsiku lililonse ndikaponda pakhomo paja.

Koma poti ndalonjeza kunena zoona, ndimalize nazo. Chaka chilichonse ndikaimirira kufotokoza mbiri, ndikafika pa gawo langa ndimaweramitsa mutu monga mwa munthu wolapa, ndipo ndimalapadi. Kungoti poweramapo maso amagwera pazidutswa zitatu zija, pamene zinang'ambikira mowongoka ngati zodula ndi mpeni, ndipo kamtima kena kamanong'ona kuti pa miyala yonse imene ndaswa pamoyo wanga, palibe unasweka bwino ngati umenewu. Amake Tamanda amandidziwa. Tsiku la mapemphero hamala yanga amaitsekera m'nyumba, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje.