Khansa Yopanda Piritsi

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Umoyo wa Antchito pa Esiteti,

Bwana, ndagwada mpaka mawondo alowa m'dothi. Ndine Everson wa kwa Khwethemule, uja ndinkathyola tiyi mpaka sikelo kupempha madzi akumwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5 poona kuti aphunzitsi ayamba kuonera kwa ine. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kiliniki yanu. Nditatupa m'khosi ndi m'khwapa anandipatsa panado miyezi isanu ndi inayi. Ndamumwa wochuluka moti mkazi wanga Marita mutu ukamuwawa amangondigwira dzanja, basi wachira.

Chachiwiri, zikomo potumiza magazi anga ku tauni pa thirakitala ya masamba a tiyi. Kalaliki anawaika pa sikelo n'kulemba kuti ndi ochepa komanso onyowa. Ulendo wachiwiri ndinawaperekeza ndekha, ali m'thupi momwemo.

Adokotala a ku tauni anati ndi khansa ya m'magazi, ija yoyenda pang'onopang'ono. Asilikali a m'thupi mwanga achuluka kuposa a boma, koma onse ndi aulesi, amangounjikana m'khosi ngati akapitawo pa khonde tsiku la mvula. Anati nthawi ya mankhwala sinakwane, ndizipita miyezi itatu iliyonse akaone magazi, ndipo pakadali pano mundipatse ntchito yopepuka. Kalata analemba, chidindo anadinda.

Chachitatu ndiye nzeru zanu zandigwetsa chagada. Lamulo lanu likuti wodwala ndi amene waonetsa kapepala ka mapiritsi kwa kapitawo. A Hopeson, akapitawo athu, kalata ija anaitembenuza, anaikutumula kawiri, piritsi silinagwe. Ndiye m'buku mwanu ndine ng'ombe yapangolo. A Gracious, anzanga othyola nawo tiyi, anagona masiku atatu ndi kapepala ka chimfine. Ine wa khansa ndili mu mzere ndi dengu kumsana, lamba akukhula pachotupa penipeni, thukuta ngati mtsinje wa Nsuwadzi. Sikelo ija masiku ano ikandiona imaseka. A Hopeson anena kuti ndikaperewezanso makilo pofika Lachisanu, ntchito yatha, ndipo m'nyumba ya esiteti ku layini ine ndi Marita titulukemo.

Sindikupempha ndege yopita kunja ayi, Bwana, ndege ingachite manyazi ndi liwiro langa. Ndikupempha piritsi limodzi lokha m'kapepala kanu. Lililonse, kaya la njoka za m'mimba, kaya la nkhuku. Sindimwa. Ndilimangirira pa chingwe m'khosi, pafupi ndi chotupacho, kuti akapitawo aziona matenda ndi umboni wake malo amodzi.

Ngati mwatanganidwa, musadzivutitse. Adokotala anati matendawa ndi oleza mtima ngati ofesi yanu. Komanso ndamva kuti matabwa a bokosi la maliro mumatulutsa tsiku lomwelo, osafunsa piritsi.

Ine wantchito wanu wathanzi mwalamulo,

Everson
Ku layini ya kumunsi, pakadali pano