Tsiku limene zovala zanga zinauluka ku Chirimba

Linali Lachisanu la mwezi wa Juni, nthawi ili 11 koloko m'mawa, pamene anthu a kwathu ku Chirimba anaona zinthu zanga zimene ngakhale amuna anga sindiwaonetsa masana. Mpaka lero ndikamapita kumsika ndimadzera njira yakuseri kwa chigayo.

Amuna anga, bambo a Tadala, amawotcherera zitsulo. Shedi yawo ili pabwalo la nyumba imene timachita lendi, m'mbali mwa msewu. Tsiku lina kunabwera a Makwinja, mkulu wa mpingo wa kutchalitchi kwathu, amene amaweta nkhuku zambiri. Anali atagula thirakitala yakale yochokera kunja, ndipo pamodzi nayo panabwera chimakina chadzimbiri chomangirira kumbuyo. Chinali ngati chibokosi, m'kati muli chitsulo chopotana ndi fani, pamwamba pali chumuni. Amuna anga atafufuza pafoni anapeza ntchito yake. Akuti kumaiko ozizira kumagwa madzi oundana oyera ngati ufa mpaka kutseka misewu, ndiye makinawa amakokolola zimenezo n'kuziponya kutali. (Ine ndinkayesa kuti chiperoni chathu chino ndiye mapeto a kuzizira.)

A Makwinja ankafuna kuwagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, koma amuna anga anawaletsa.

"Ndisiyireni, abwana. Utuchi wa m'makola anu uja ndi wopepuka chimodzimodzi. Makinawa azikuponyerani manyowa m'munda."

Makinawo anawagwira ngati mwana wodwala. Fani anaiwongola ndi hamala, tcheni anakachisaka ku Limbe, girisi anathera m'malaya awo onse. Kenako anati chumuni ndi chachifupi, ndiye anadula mgolo n'kuchitalikitsa, n'kuchipaka penti yakuda.

Tsono apa ndi pamene ndikulowapo ine. Amayi anga anandilera kuti chovala cham'kati cha mkazi sichiyanikidwa poyera. Pamalo pathu pali mabanja angapo koma chingwe n'chimodzi. Anzanga amayanika n'kuphimba ndi chitenje, koma eni nyumba, a Nachisale, ali ndi chizolowezi chovundukula kuti aone ngati zauma, apeze malo a zawo. Choncho ine ndinkayanika kuchipinda, pachingwe cha neti. M'nyengo ya chiperoni zinkangonunkha chinyezi.

Tsiku lina ndikusesa pashedi ndinagwira chumuni chija. Chinali chofunda bwino. Ndinakwera pakireti n'kusuzumira. M'kati munali mabawuti otulukira ngati anawaikira ine, kamphepo kakudutsa. Kuyambira pamenepo, amuna anga akangochoka, ndinkakoleka zanga m'menemo, ndipo zinkauma msanga kuposa matewera a Tadala apachingwe. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Lachisanu limenelo dzuwa linatuluka, ndipo ndinachapa zonse, zatsopano ndi zokalamba zomwe, n'kuzikoleka m'chumuni. Amuna anga anali atanena kuti a Makwinja adzabwera sabata yotsatira. Nditangotsika pakireti n'kubereka mwana, ndinamva thirakitala ikubwera. A Makwinja anali pambali pa dalaivala, matumba a utuchi ali kumbuyo. Amuna anga anatulukira kuchokera kugolosale akuthamanga. Posakhalitsa makina anamangiriridwa, ndipo anthu anayamba kusonkhana, poti kwathu thirakitala sionekaoneka.

Ndinapita kukanjuta pafupi ndi amuna anga.

"Bambo a Tadala, tabwerani kaye kunyumba."

"Kwagwanji?"

"Pali kankhani."

"Nenani pompano, a Makwinja si alendo."

A Makwinja ananditembenukira akumwetulira. Inu amene mukuwerenga, mawu amenewo mungawatchule pamaso pa munthu amene amakugawirani mgonero?

"Ndimati tiyi," ndinatero.

Ndinaphikadi tiyi, ndikuganiza kuti akalowa m'nyumba ine ndithamangira pakireti. Koma a Makwinja anati, "Tipatsireni konkuno, mayi, tiothere dzuwa." Anamwera tiyiyo pansi penipeni pa chumuni, atakhalira kireti yanga.

Ndinayesa njira ina. Ndinati chipewa cha Tadala chagwera m'chumuni, ndikufuna ndichichotse.

"Chakwera bwanji pamwamba ponsepo?" anafunsa amuna anga.

Dalaivala, munthu wachifundo, anali ataponda kale patayala. "Ndikutengereni, mayi, musavutike."

"Ayi, ayi, tsikani. Ndachipeza."

Chinali kumutu kwa mwanayo, kumbuyo kwanga, aliyense akuchiona.

Atathira utuchi kutsogolo kwa makina, a Makwinja anaimirira, anavula chipewa nati tiyambe tapemphera. Mtima wanga unakhala pansi. Munthu ameneyu kutchalitchi akayamba kupemphera, miyendo imachita dzanzi. Amayambira odwala a m'zipatala mpaka a m'ndende. Onse atatsinzina, ndinakoka kireti pang'onopang'ono n'kuikapo phazi limodzi.

"Ambuye, dalitsani ntchito ya manja a mwana wanuyu. Ameni."

Basi. Pemphero lonse linali lomwelo. Anthu anatsegula maso n'kundipeza phazi lili pakireti, ndipo ndinayamba kulipukuta ngati ndaponda kanthu.

"Mayi a Tadala, sunthani ndi mwanayo," anatero amuna anga, akukodola dalaivala.

Makina anakhosomola, ananjenjemera, kenako analira bwinobwino. Utuchi unatuluka m'chumuni ngati utsi. Ana anakuwa. Ndiye zanga zinayamba kutuluka, chimodzichimodzi, ngati zikudikirana. Kofiira kanadutsa pamwamba pa msewu n'kukatera padenga la minibasi imene inkapita mtauni, ndipo kanapita nayo. Kamisolo inazungulira m'mwamba n'kukakola pawaya wa magetsi. Zing'onozing'ono zinamwazikira mumtengo wa mapeyala. Pitikoti ndiye sanafulumire. Anatambasuka yense, n'kumatsika mwaulemu, mpaka anagwera pamapazi a a Nachisale.

Dalaivala anazimitsa injini. A Makwinja anavula magalasi, anayang'ana pawaya nthawi yaitali, kenako anati:

"Azungu aja anaiwalamo katundu wawo."

Amuna anga anandiyang'ana kamodzi. Kofiira kaja anagula okha ku Limbe. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kupukuta sipanala imene inali yoyera kale.

"Zikuoneka choncho, abwana."

Ndinayamba kupuma. Anthu ena anali atavomereza kale, wina mpaka akufotokoza kuti azungu amataya zinthu zabwinobwino. Koma a Nachisale anatola pitikoti uja, anamukutumula utuchi, n'kumutembenuza. Kumbuyo kwake kunali chigamba chimene ndinasoka ndekha.

"Koma mzungu wakeyo," anatero mosakweza mawu, "chitenje anagula pamodzi ndi mayi a Tadala."

Maso onse anatsikira pachitenje chimene ndinavala. Maluwa ake omwewo. Sindikukumbuka kuti ndinafika bwanji m'nyumba, koma ndikudziwa kuti makapu a tiyi ndinawasiya panja. Ndili kuseri kwa katani ndinamva a Makwinja akuyamikira kuti makina akuponya patali kuposa mmene ankaganizira, ndipo anawatenga tsiku lomwelo.

Madzulo amuna anga analowa n'kukhala pampando. Sanakalipe. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani?"

Anaganiza pang'ono. "Zoona. Nanenso sindikanayankha."

M'mawa mwake ndinadzuka anthu asanayambe kutunga madzi, ndinatenga nsungwi n'kupita pamtengo wa mapeyala. Ndili mkati mogwetsa, a Nachisale anatuluka ndi tsache. Anaima, anandilozera kamodzi kamene sindinakaone, kenako anakweza maso kuwaya wa magetsi.

"Iyo musaigwire, mungafe nayo. Imeneyo tiziti ndi ya azungu."

Ndinachapanso zonse zimene ndinapulumutsa. Nditanyamula beseni, ndinaona kuti pashedi pali makina osakanizira simenti amene munthu wina anabweretsa dzulo lake, mgolo wake uli yasa, dzuwa likuwomba bwino.

"Bambo a Tadala, awa eni ake abwera liti?"

Anayang'ana beseni, anandiyang'ana ine, kenako anatenga lata n'kutseka pakamwa pa mgolowo, pamwamba n'kuikapo mwala.

Ndiye ndinayanika pachingwe cha anthu onse, ndinaphimba ndi zitenje ziwiri, n'kukokera mpando pansi pake. Ndinakhala pomwepo ndikuyamwitsa Tadala mpaka zinauma.