Kompyuta Imene Ndinaifunditsa

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Ndikulemba nditakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, chifukwa amayi akaona nkhope yanga ayamba mafunso.

Kompyuta ya kalasi yathu, imodzi yokhayo imene imayaka, yakhala ikuyenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Ukadina, umadikira mpaka kuiwala chimene wadina. Dzulo ba Madamu, amene amatiphunzitsa za makompyuta, anakalipira mnzanga Misozi pamaso pa onse.

"Iwe, ni fulashi yako ya nyimbo yabweretsa vairasi! Kompyutayi suzaigwirako futi mpaka mayeso."

Misozi analira. Ine ndimasunga makiyi a chipinda cha makompyuta (anandisankha chifukwa sindichita phokoso, osati chifukwa cha nzeru), choncho lero masana ndinatsala kuti ndiichiritse. Pakhoma pali pepala la ba Madamu la zoyenera kuchita, ndipo ndinalitsata ngati malamulo a kutchalitchi.

Choyamba, tsekani zonse zimene zatsegulidwa. Ndinatseka, osasintha. Chachiwiri, zimitsani n'kuyatsanso. Inadzuka ndi mphamvu, kenaka n'kufookanso. Chachitatu, fufuzani vairasi. Inafufuza mpaka maminibasi awiri anadutsa pamsewu, osapeza kanthu. Chachinayi, chotsani zosafunika. Ndinachotsa ngakhale mpendadzuwa umene ndinajambula ndekha (unali wokongola, ndaulirira pang'ono).

Chachisanu, onani ngati bokosi la kompyuta likupuma.

Ndinagwada pansi pa tebulo. Bokosilo linali litafunda chitenge cha amayi, chopinda kawiri, chomangidwa bwino ndi mphira wa njinga kuti chisagwe. Amene anamanga ndine, masabata atatu apitawo. Kwathu wailesi timaifunditsa, makina osokera timawafunditsa, nanga fumbi la ku Mpanshya limachita nthabwala? Nditamasula, bokosi linali lotentha ngati simbi ya makala, ndipo kafani kake kanapuma ngati munthu wovuuka m'madzi. Litazizira, kompyuta inayamba kuthamanga.

Pomwepo ba Madamu analowa.

"Ah, mwana wanga! Waichotsa vairasi ya Misozi?"

"Yachira, Madamu," ndinatero, chitenge nditachikhalira.

"Uyu ndiye injiniya wathu! Koma Misozi yeve, azingotamba ndi maso, osagwira."

Bodza sindinanene. Koma pobwerera Misozi anandigawira chitumbuwa chake, akuti pondithokoza kuti ndayesa, ndipo ndinachiika m'thumba osachidya.

Mawa, phunziro lisanayambe, ndidzakweza dzanja ndi kuuza kalasi yonse kuti vairasiyo ndinali ine.