Galasi la Njinga ya Mkamwini

Khosi? Uwayankhe kuti likadali louma, munthu akandiitana ndimatembenuka thupi lonse ngati kabati. Ndiye iwe Tadala lemba zimene ndikunena, usamaseke, akuwerenga ndi agogo ako aang'ono ku Dedza.

Achemwali, chinandipweteka ndi njinga yamoto ya bambo a Tadala, akamwini angawa. Amapitira kuntchito ku weyahausi, kosungira katundu. Kuzizira kwa kuno kwa azungu kutayamba ankabwera maso ali psuu, ati mphepo ikuwagwedeza mutu njira yonse. Ndiye ndinamva akukambirana ndi mkazi wawo zogula galasi lotchinga mphepo loika kutsogolo kwa njinga, koma osagwirizana, lalifupi kapena lalitali. Ine ndili kukhitchini (mukudziwa sindikhala nawo pabalaza pamodzi) ndinangoponyako mawu: "Munaonapo mpanda wa bafa wolekeza m'mawondo?" Anagula lalitali. Ndinasankha ine, zimenezo lemba.

Loweruka tinali ndi mapemphero a amayi ku Highfields, woyambitsa nyimbo ndine. Basi ya kuno ku Braunstone inandisiya ndikuiona, mwana wanga ali mtulo poti wachokera ku naiti, ntchito ya usiku. Akamwini anaima pakhomo, akuyang'ana khoma.

"Amayi, ndikuperekezeni pa njinga. Ndi galasi lanu lija mphepo simuimva n'komwe."

Ndikanakana bwanji, galasi ndi langa? Kwathu pa kabaza timakhala chammbali, kuno ati n'zoletsedwa. Ndinavala thalauzi la mwana wanga m'kati mwa chitenje, kumutu chipewa chonga mphika. Nditakwera iwo akuti, "Mundigwire m'chiuno, mutsamire kumsana kwanga."

Achemwali, m'chiuno. Munthu woti kwathu ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire. Ndinati, "Zikomo bambo, ndagwira kale." Ndinagwira kachitsulo kakumbuyo, n'kukhala kumapeto kwenikweni, msana chilili, pakati pathu malo oti mwana n'kukhalapo.

M'timisewu ta kunyumba zinali bwino. Titalowa mumsewu waukulu ndi pamene ndinalidziwa galasi lija. Limainyamula mphepo yonse, kuidumphitsa pamutu pa woyendetsa, n'kukaitula pamene ndinakhala inepo. Inayamba kundiomba mbama, uku ndi uku, uku ndi uku. Chipewa chikukokera kumwamba ngati munthu akuthyola dzungu. Mano akugundana. Zala zinazizira mpaka sindinkadziwanso ngati chitsulo chija ndachigwira kapena ndachisiya kalekale.

Chilole chinatidutsa, njinga yonse n'kunjenjemera. Ndinayang'ana pansi, msewu ukuthamanga ngati madzi. Mumtima ndinati basi, ndibwerera kwathu m'bokosi, kunsi kwa ndege pamodzi ndi masutikesi. Ndinayesa kuyimba nyimbo ndimakayambitsa ija, mphepo inandilanda pakamwa.

"Yandikirani, amayi," iwo akukuwa.

"Ndili bwino, bambo."

(Bwino wake uti, mamina afika kukhutu.)

Kenako tinafika pa raundabauti, pamene magalimoto amazungulira paja. Njinga inapendekeka ngati ikufuna kugona. Dzanja limodzi linapulumuka pachitsulo, phazi linachoka popondera, ndinaona tayala la basi pafupi ndi nkhope yanga. Amene anandisuntha sindikumudziwa. Ndinangozindikira ndawakumbatira akamwini ndi manja onse awiri, chipewa changa chili gwa pamsana pawo, ndikuitana mayi athu amene anatisiya kalekale.

Ndiye chondiwawa n'chakuti kumeneko kunalibe mphepo. Zii. Kofunda ngati m'bulangeti. Galasi lija limagwira ntchito ndithu, koma kwa munthu wopanda manyazi.

Tinafika patchalitchi amayi onse ali panja, kudikira wa makiyi. Njinga inaima, ine osatsika. Zala zinali zitalukana pamimba pa akamwini, zaumiratu ndi chisanu, kumasuka osamasuka. Iwo angokhala njo, kuyang'ana kutsogolo, chipewa osavula. Anachita kubwera Amai Tembo, nesi wa ku Chipata, kudzandimasula chala chimodzichimodzi. Akumasula akuti, "Mwacita bwino amama, agwileni zolimba, angathawe cikwati." Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Nyimbo anayambitsa wina, ine mawu anali atapita. Pobwerera ndinakwera basi.

Chichitikireni, ine ndi akamwini sitinaonane maso. Ndikamva njinga panja ndimathawira kuchipinda, iwonso akamva mapazi anga amakatsekula firiji n'kumayang'anamo. Dzulo atuma mkazi wawo kudzandifunsa ngati asinthe galasi, agule lapakatikati, poti ati ine ndi amene ndikuidziwa mphepo ya kumbuyo. Ndayankha kuti agule limene akufuna, asandifunsenso.

Mwambo wathu ndi wabwino, achemwali, koma anaupanga anthu oyenda pansi. Kumudziko musauze aliyense, makamaka alamu anu.

Wamaliza? Tumiza pompano, bambo ako asanaweruke, ndipo ufufute m'foni mwakomo.